Tinafika padoko ku Budapest, sitima kulibe

Ine ndi mayi akunyumba tinapangana kalekale kuti tikadzakwanitsa zaka 30 tili m'banja tidzayende ulendo wa pa sitima ya pamtsinje wa Danube ku Ulaya, ndipo ndalama zake tinasunga pang'onopang'ono kwa zaka zinayi. Itafika Januwale wa 2022, funso loyamba linali loti kodi malo m'sitimamo tisungitse kudzera kwa ejenti wokonza maulendo, kapena tilankhule tokha ndi kampani ya sitima. Funsoli ndinaliyankha poyang'ana mtengo wokha, ndipo apo ndi pamene ndinaphonyera, chifukwa mtengo ndiwo unali chinthu chokhacho chimene sichinkasiyana kwenikweni pakati pa njira ziwirizo.

Ulendo umene tinasankha unali wa masiku asanu ndi awiri, kuchokera ku Budapest ku Hungary, kudutsa Vienna ndi chigwa cha Wachau ku Austria, kenaka Passau ndi Regensburg ku Germany, n'kukathera ku Nuremberg. Pa tsamba la pa intaneti la kampaniyo ndinaona kuti chipinda chapansi, chokhala ndi zenera laling'ono losatsegula lomwe lili pafupi ndi madzi, chinali mayuro 2,350 munthu mmodzi, pomwe chapamwamba, chokhala ndi khonde, chinali mayuro 2,800. Kusungitsa ndekha ndinkaopa, pakuti ndalama zambiri chonchi ndinali ndisanatumizepo kwa anthu amene sindinawaone nkhope. Choncho ndinapita kwa ejenti amene anandigulirapo matikiti a ndege kangapo konse popanda vuto, bambo waulemu ndiponso wansangala. Nditamufotokozera, anayankha kuti, “Achikulire, zimenezo n'zosavuta, siyirani ine.” Mawu amenewa anandikhazika mtima pansi, moti sindinamufunse funso limene linali lofunika kuposa onse, loti kodi iye anagulitsapo maulendo angati a pamtsinje. Patapita nthawi ndinadzazindikira kuti wathuwu unali woyamba.

Mtengo umene anandipatsa unali wofanana ndendende ndi wa pa intaneti uja. Ndinadabwa, poti ndinkaganiza kuti mwina adzawonjezera zake, kapena adzandipezera zotsikirapo. Zoona zake n'zakuti nthawi zambiri ejenti amalandira komishoni kuchokera ku kampani ya sitima, osati kwa wapaulendo, ndipo makampani ambiri safuna kuti ejenti azigulitsa pamtengo wosiyana kwambiri ndi wawo. Tanthauzo lake n'lakuti amene wasungitsa yekha sapulumutsa ndalama ya komishoniyo, imangotsalira kampani, ndipo amene wadzera kwa ejenti walipira kale uphungu ndi thandizo, kaya alandira kapena ayi. Ndikanadziwa zimenezi, ndikanamupanikiza ejenti wanga ndi mafunso mopanda manyazi, m'malo momuona ngati munthu amene akundichitira chifundo.

Chipinda anatisankhira ndi iyeyo. Anati khonde n'lofunika kwambiri pa ulendo wokumbukira ukwati, ndipo tinavomera kuwonjezera mayuro 900 tonse awiri. Chimene amachitcha French balcony si khonde loti munthu angaikepo mpando, koma ndi chitseko chagalasi chimene chimatseguka, kutsogolo kwake kuli chitsulo chotchinga kuti munthu asagwere m'madzi. Komanso chipinda chathu chinali chakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi injini, chinthu chimene munthu wodziwa sitima zimenezi akanachiona pongoyang'ana chithunzi cha kakhalidwe ka zipinda.

Ndinapereka dipoziti ya mayuro 1,120, ndipo zotsalazo zinkafunika kufika ku kampani masiku 90 ulendo usanayambe, kutanthauza pakati pa Meyi. Ndinalipira kumapeto kwa Epulo potumiza ndalama ku akaunti ya ofesi ya ejenti, n'kulandira lisiti ya ofesiyo. Patatha sabata imodzi ndisanalandire chilichonse chochokera ku kampani ya sitima, mtima unayamba kundigunda, ndipo ndinaimba foni ku kampaniko. Mayi amene anayankha anandifunsa nambala ya malo anga, ndipo ndinamuwerengera imene inali pa lisiti, koma anati nambala yotero iwo saidziwa. Atandipeza pogwiritsa ntchito dzina, anandiuza mwaulemu kuti malo athu anasungitsidwa kudzera kwa ejenti, choncho sangakambirane nane za malipiro kapena kusintha kanthu kalikonse, zonse zidzere kwa ejentiyo. Ili ndi lamulo limene makampani ambiri a sitima amatsata, ndipo aliyense amene akuganiza zodzera kwa ejenti ayenera kulidziwa asanapereke dipoziti: ukasankha ejenti, wamupatsa pakamwa pako. Ndinachita kumuumiriza mayiyo kuti angondiuza ngati ndalama zafika, ndipo anangoti zikuyembekezeredwabe.

Masiku khumi otsatirawo tulo sindinkatiwona bwino. Ejenti ankandiuza kuti zonse zili m'malo, kuti ofesi yawo imatumiza ndalama za makasitomala onse pamodzi, ndipo ndalama zathu zinakafika kutatsala masiku awiri okha. Sindikunena kuti bamboyo ankafuna kundibera, pakuti sanandibere ngakhale yuro imodzi, koma zikanachedwa pang'ono malo athu akanatha kuchotsedwa, dipoziti n'kupita. Tsopano ndikudziwa kuti tsiku lomwelo lopereka dipoziti munthu ayenera kupempha chikalata chochokera ku kampani ya sitima yeniyeniyo, chokhala ndi nambala yawo, nambala ya chipinda ndi tsiku lomaliza kulipira. Ngati n'kotheka, ndi bwino kulipira ndi khadi la ku banki limene kampaniyo idula yokha, kuti ndalama zisagone m'manja mwa munthu wapakati.

Viza nayo inatidyera nthawi. Mayiko onse a pa ulendowu ali m'chigawo cha Schengen, choncho viza imodzi imakwanira, koma lamulo lake ndi loti munthu akapemphe ku ofesi ya dziko limene adzakhalemo masiku ambiri, ndipo dziko loyamba kulowamo limawerengedwa pokhapokha masiku akafanana. Ejenti wathu anatilembetsa ku ofesi ya dziko loyamba kulowamo. Titafika ndi mapepala athu, amene anatilandira anawerenga masiku n'kutionetsa kuti, kuphatikizapo masiku awiri amene tinawonjezera ku Nuremberg, ambiri tidzakhala ku Germany. Iwo sanalakwe. Tinayambiranso kufunafuna tsiku lokaonekera, n'kutaya milungu itatu, ndipo poti yankho la viza limatenga masiku 15, mwinanso kufika 45, mapasipoti athu anabwera kutatsala masiku naini kuti tinyamuke. Viza munthu angathe kupempha miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike, koma ife tinayamba mu Juni chifukwa palibe anatiuza kuti tifulumire. Inshuwalansi tinagula yotchipitsitsa, yongokwaniritsa zimene viza imafuna, zomwe ndi chithandizo cha kuchipatala cha mayuro 30,000. Za kuphonya ndege kapena kusokonekera kwa ulendo munalibemo, ndipo sindinawerenge kuti ndidziwe.

Cholakwa chachikulu koposa chinali changa, ndipo sindingachikankhire kwa wina. Ejenti anandiuza kuti kampani ya sitima imagulitsanso matikiti a ndege pamodzi ndi galimoto yodzatitenga pabwalo, koma mtengo wake unali wokwera ndi mayuro 140 munthu mmodzi poyerekeza ndi umene ndinaupeza ndekha pa intaneti. Ndinakana. Ndinagula matikiti awiri osiyana ku makampani awiri a ndege, ina yotifikitsa pa bwalo lalikulu la ku Ulaya, ina yochoka pamenepo kupita ku Budapest, ndipo pakati pake panali maola osakwana awiri. Ndinakonzanso zoti tifike m'mawa wa tsiku lomwelo lokwera sitima, kuti tisalipire hotela. Mayi akunyumba anandifunsa kuti, “Bambo, nanga ndege ikachedwa?” Ndinawayankha kuti sitima igona ku Budapest usiku woyamba, ndiye ngakhale titachedwa tikaipeza. Pamenepo ulendo wathu unali utagawika patatu: chipinda chili m'manja mwa ejenti, ndege zili m'manja mwanga, sitima ili m'manja mwa kampani, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankaona ulendo wonse kuyambira pakhomo mpaka padoko.

Chilimwe cha 2022 ku Ulaya kunali chilala choopsa. Mu Ogasiti madzi a mtsinje wa Rhine pa Kaub ku Germany anatsika kufika pafupifupi masentimita 30 pa choyezera chawo, ndipo kumunsi kwa Danube, pafupi ndi Prahovo ku Serbia, zombo zankhondo za Germany zimene zinamira pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zinaonekera poyera. Nkhani zimenezi ndinaziona pa TV, ndipo ndinamufunsa ejenti ngati zingakhudze ulendo wathu. Anaseka n'kunena kuti Danube ndi mtsinje waukulu, wodutsa m'mayiko khumi, sungaphwe. Kuphwa sunaphwedi, koma sitima za alendozi, zomwe zimatalika mpaka mamita 135, zimafuna madzi akuya ndithu pansi pake, ndipo pamakhala malo ena osaya amene amatseka njira yonse madzi akangotsika pang'ono.

Tinanyamuka Lachisanu usiku. Ndege yoyamba inachedwa ndi maola awiri, ndipo poti matikiti anali osiyana, tinayenera kudindidwa mapasipoti, kudikira katundu wathu, n'kukamuperekanso ku kampani yachiwiri. Tikufika pa kauntala, ndege ya ku Budapest inali itapita kale. Ndinafotokoza kuti vuto silinali lathu, koma anandiuza mosapita m'mbali kuti kwa iwo ndife anthu amene sanabwere, ndipo kampani yoyamba nayo inati udindo wake unathera pamene inatitsitsa. Onse awiri ankanena zoona. Matikiti akakhala pa nambala imodzi, kampani ya ndege imakukwezani ndege yotsatira popanda kulipiranso, koma akakhala osiyana, mwadzimangirira nokha. Ndinagula ena awiri pa mayuro 620. Mayi akunyumba sananene kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa mawu.

Tinatera ku Budapest cha m'ma 5 koloko madzulo m'malo mwa 10 koloko m'mawa. Tinakwera takisi kupita kudoko limene linalembedwa pa pepala lathu, mbali ya Pest, pafupi ndi mlatho wotchuka wa Széchenyi. Woyendetsa takisi anatitsitsa n'kumapita. Tinayenda m'mphepete mwa mtsinje tikukoka masutikesi, kuwerenga mayina a sitima zochepa zimene zinalipo, kupita n'kubwerera, koma yathu panalibe. Miyala ya m'mbali mwa mtsinje inali pamtunda, youma, yosonyeza mzere wa pamene madzi amafika masiku onse. Ndinaimbira ejenti, foni ya ku ofesi inangoitana, ya m'manja inali yozimitsa, poti linali Loweruka madzulo. Pa pepala limene anatipatsa panalibe nambala ya foni ya m'sitima, chifukwa iye anatitumizira chidule chimene analemba yekha, osati zikalata zonse za kampani. Apa mutu unaima. Ndinakhala pa sutikesi thukuta lili kamukamu, mayi akunyumba ataima pambali panga manja ali m'chiuno, akuyang'ana madzi.

Amene anatithandiza anali mnyamata wogwira ntchito m'sitima ya kampani ina, yemwe anatiuza kuti sitima zambiri zazikulu zalephera kufika ku Budapest ndipo zaima kumtunda, ku Komárno. Anandithandiza kupeza nambala ya zadzidzidzi ya kampani yathu, ndipo nditaimba anandiuza kuti uthenga wosintha doko unatumizidwa dzulo lake madzulo kwa alendo onse, kuti mabasi ananyamula anthu pa hotela ina mumzindamo, ndipo yomaliza inachoka 4 koloko. Nditafunsa kuti uthenga wanga unapita kuti, anandiwerengera adiresi ya imelo ya ofesi ya ejenti. Posungitsa malo, bamboyo analemba imelo ndi foni ya ofesi yake pamalo a wapaulendo, ndipo uthengawo unakhala m'kompyuta yotseka mpaka Lolemba. Foni yanga inali yoyaka ulendo wonse, moti uthengawo ukanabwera kwa ine, ndikanauwerenga tili pabwalo la ndege lija. Kanthu kakang'ono kameneka, koonetsetsa kuti kampani ili ndi imelo ndi nambala ya wapaulendo mwiniwake, kakanangonditengera mphindi zisanu.

Komárno ali ku Slovakia, tsidya lina la mzinda wa Komárom wa ku Hungary, pafupifupi makilomita 100 kuchokera ku Budapest. Takisi inatidya ndalama za ku Hungary, ma forint, zokwana ngati mayuro 190, kuwonjezera pa 30 ya takisi yoyamba ija. Tinalowa m'sitima itadutsa 9 koloko usiku, anzathu atadya kale. Ndikawerengera, pofuna kupulumutsa mayuro 280 pa matikiti ndinataya 840 tsiku limodzi. Mawa lake anatibweza pa basi kukaona Budapest, ola limodzi ndi theka kupita, chimodzimodzinso pobwera, koma chimene mayi akunyumba ankachilakalaka zaka zonsezi, kudutsa pamadzi usiku kutsogolo kwa nyumba ya malamulo ya Hungary itayaka magetsi, sichinatheke. Chimenecho sichinali cholakwa cha munthu aliyense.

Ulendo wokhawo unali wokoma, ndipo sindikufuna kuunyoza. Vienna tinamuona bwino, chigwa cha Wachau ndi minda yake ya mpesa tinachidutsa masana tili padenga la sitima, ndipo nyumba ya amonke ya ku Melk ndi yosaiwalika. Khonde lathu la mayuro 900 lija silinatipindulire kwenikweni, chifukwa m'madoko otanganidwa sitima zimaima mogundizana, ziwiri kapena zitatu, moti ukatsegula katani umangoyang'anizana ndi munthu wa m'sitima ina ali m'chipinda chake. Kuyenda kwambiri kumachitika usiku, nthawi imene ife tinkamva kunjenjemera kwa injini, ndipo malo okongola aliyense amakaonera padenga.

Patebulo lodyera ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Tinkakhala ndi banja lina lachikulire limene linasungitsa lokha ku kampani, ndege ndi zonse. Iwo uthenga wosintha doko anaulandira pa foni, ndipo atatera ku Budapest anapeza munthu wa kampani akuwadikira, n'kuwakweza basi ya ku Komárno osalipira kanthu. Panalinso mayi wina woyenda yekha amene anadzera kwa ejenti wogulitsa maulendo a pamadzi okhaokha. Ejenti wakeyo anamuchenjeza miyezi ingapo m'mbuyo kuti kumapeto kwa chilimwe madzi amatha kuchepa, anamuuza kuti afike masiku awiri sitima isananyamuke, anamusankhira chipinda chapakati, anamugulitsa inshuwalansi yokhudza kusokonekera kwa ulendo, ndipo Lachisanu usiku lomwelo anamuimbira foni kumuuza za doko latsopano. Mayiyu analipira mtengo wofanana ndi wathu pa chipinda. Ndinakhala chete n'kumadya, ndikuganiza kuti pa tebulo limodzi pali njira zonse ziwiri zimene ndinkazisinkhasinkha mu Januwale, ndipo zonse zinayenda bwino. Imene sinayende ndi yangayi, yotenga theka uku theka uko.

Titafika ku Passau, mzinda umene mitsinje ya Inn ndi Ilz imathira mu Danube, mkulu woyang'anira ulendo anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti tilongedze katundu. Pakati pa Vilshofen ndi Straubing pali makilomita pafupifupi 70 pomwe mtsinje umayenda wokha popanda madamu osunga madzi, ndipo pamenepo ndi pamene sitima zimakanika kudutsa chilala chikavuta. Kampani yathu inali ndi sitima ina yofanana ndi yathu mbali ya ku Regensburg, imene inkabwera ndi alendo olowera ku Budapest, choncho anangotisinthanitsa: ife pa basi kupita uko, iwo pa basi kubwera kuno, aliyense n'kulowa m'chipinda cha nambala yomweyo. Apa mpamene ndinaona kuti kusankha kampani n'kofunika kuposa mmene ndinkaganizira, pakuti kampani yokhala ndi sitima zambiri zofanana imatha kuchita zimenezi, pomwe yokhala ndi zochepa imagoneka alendo m'mahotela ndi kuwayendetsa pa basi masiku otsalawo. Limeneli ndi funso loti munthu afunse asanalipire, kaya kwa ejenti kapena ku kampani. Kuchokera ku Kelheim tinalowa mu ngalande ya Main-Danube, imene inatsegulidwa mu 1992, yotalika makilomita 171, yokhala ndi zipata 16 zokweza ndi kutsitsa sitima. Zipatazo n'zotambalala mamita 12 okha, ndipo n'chifukwa chake sitima zonsezi zimakhala zazitali koma zopyapyala.

Lolemba m'mawa, tili ku Vienna, ejenti anali atanditumizira uthenga uja wosintha doko, pamwamba pake atalemba kuti, “Achikulire, onani izi mwamsanga.” Sindinamuyankhe mpaka titabwerera.

Nkhani ya chipukutamisozi inatenga miyezi inayi. M'malamulo a kampani, amene ndinawawerenga koyamba nditabwerako, munalembedwa momveka kuti njira ndi madoko zingasinthe chifukwa cha kuchepa kapena kuchuluka kwa madzi, ndipo kutero sikukakamiza kampani kubweza ndalama. Komabe mwa kufuna kwawo anapatsa mlendo aliyense vocha ya mayuro 500 yoti adzachotsere pa ulendo wina. Za takisi anakana, ponena kuti uthenga anatumiza pa adiresi imene anapatsidwa. A inshuwalansi anandionetsa tsamba limene sindinawerenge lija. Dandaulo lililonse linkayenera kudzera kwa ejenti yemweyo amene ndinkamudandaula, ndipo kalata iliyonse inkatenga milungu iwiri kapena itatu kuti ipite ndi kubwera. Pomaliza bamboyo anabwera yekha kudzapepesa, n'kundibwezera ndalama ya takisi ya ku Komárno kuchokera m'thumba mwake. Anavomera kuti sankadziwa kuti sitima ya pamtsinje imatha kusintha doko, chifukwa ankaiona ngati hotela imene imakhala pamene ili. Mkwiyo wanga unatha, koma mayuro 620 a ndege aja anapita, ndipo amenewo ndinalibe womuloza chala.

Ndinkafuna kuitaya vochayo, koma mayi akunyumba anakana, nati ndalama zokwana mayuro 1,000 sizitayidwa chifukwa cha manyazi a munthu mmodzi. Choncho chaka chotsatira tinasungitsa ulendo wa pa Rhine, kuchokera ku Amsterdam kukafika ku Basel. Ndinayamba ndafunafuna ejenti wodziwa za mitsinje, ndipo aliyense ndinkamufunsa zinthu zomwezo: ngati anakwerapo yekha sitima yotere, zimene kampani imachita madzi akachepa kapena akasefukira, amene amayankha foni Loweruka usiku, ndiponso ngati pa chikalata alembapo imelo yanga. Awiri oyamba anayankha mozungulira. Wachitatu anayankha bwino kwambiri, mpaka anandifotokozera kuti madzi akachuluka vuto limakhala milatho, chifukwa sitima imalephera kudutsa pansi pake ngakhale atatsitsa kanyumba ka woyendetsa ndi zonse za padenga. Ndikanapita naye, koma sankagulitsa maulendo a kampani imene inatipatsa vocha, ndiye ndinasungitsa ndekha.

Kusungitsa wekha nako kuli ndi zowawa zake, ndipo ndiyenera kuzinena. Ndinkadikira pa foni nthawi yaitali, ndipo tsiku lililonse ankayankha munthu wina amene ndinkayenera kumufotokozera nkhani kuyambira pachiyambi. Wogulitsa wa kampani amadziwa bwino sitima zake, koma sangakuuzeni kuti kampani ina ili ndi ulendo wokuyenerani kuposa wawo, kapena kuti mtengo wa ena ukuphatikizapo zakumwa, maulendo a kumtunda ndi ndalama zothokozera antchito pomwe wawo sukuphatikiza. Kuyerekeza zonsezo ndinachita ndekha ndi pepala ndi cholembera, madzulo angapo. Viza, inshuwalansi ndi hotela zinalinso pamutu panga. Munthu amene akupita koyamba, kapena amene akuyenda ndi makolo okalamba, kapena amene sakonda kuwerenga malamulo a zilembo zing'onozing'ono, ndingamulangize kuti apeze ejenti, koma akhale wa mtundu wa wachitatu uja, ndipo amupatse ulendo wonse, ndege ndi zonse. Ine ndinatha kuchita ndekha chifukwa choti ulendo woyamba unali utandiphunzitsa kale, pa mtengo umene ndautchula.

Ulendo uno matikiti a ndege ndinagula ku kampani ya sitima, pa nambala imodzi, ndipo tinasankha mwezi wa Meyi. Chipinda tinatenga chapansi, chapakati pa sitima, ndipo ndalama ya khonde tinalipirira hotela ya masiku awiri ku Amsterdam. Nambala ya foni ya m'sitima ndinailemba pa kapepala n'kuika m'pasipoti ya aliyense. Madzulo a tsiku loti mawa tikwera, tili m'chipinda cha hotela, foni yanga inalira. Unali uthenga wa kampani wonena kuti sitima yathu siima pa doko limene linalembedwa poyamba, koma pa lina, chifukwa cha kuchuluka kwa sitima. Mayi akunyumba anatenga foniyo, anavala magalasi awo, anawerenga uthengawo kawiri, kenaka anati, “Bambo, tiyeni tikalione dokolo lero lomwe, kukadali kowala.” Tinavala majekete n'kutsika, ndipo titayenda mphindi makumi awiri tinaipeza sitimayo itaima pamenepo, antchito akutsuka mawindo.